Mphika umodzi, mbale zosiyana: momwe mayi angachepetsere thupi osalanda ana chakudya

M'zipatala za m'boma la Milange, mayi akayezedwa n'kupezeka kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, malangizo amene amapatsidwa amakhala aafupi: achepetse mchere, achepetse mafuta, achepetse thupi. Malangizowa ndi oona. Vuto ndi loti wolangizidwayo ndi yemwenso amagwira mthiko pakhomo. Akabwerera kwawo ku Majaua, ku Mongue kapena m'tauni ya Milange m'munsi mwa phiri la Tumbine, akukapeza ana amene safuna kuona nkhwani m'mbale, amene amalira akapatsidwa tiyi wosatsekemera, ndipo ndiwo zopanda mafuta amangozilawa n'kuzikankhira kutali. Nkhuni n'zosowa, makala ndi odula, kumunda kukudikira. Kuphika kawiri, za mayi pazokha ndi za ana pazokha, ndi chinthu chimene banja la mlimi silingachikwanitse ngakhale sabata imodzi.

Mwayi wake ndi woti kuphika kawiri sikofunika. Mphika ungathe kukhala umodzi womwewo. Chimene chiyenera kusintha ndi kagawidwe kake: zimene zikulowa m'mbale ya mayi, zimene zikuwonjezedwa m'mbale ya mwana, ndi zimene zikudyedwa pakati pa chakudya cham'mawa, chamasana ndi chamadzulo.

Matenda awiri pakhomo limodzi

Kale kunenepa kunkaoneka ngati vuto la anthu a m'mizinda ikuluikulu monga Maputo ndi Beira. Lero sizili choncho. Kafukufuku wotchedwa STEPS, amene anachitika m'dziko lonse la Mozambique mu 2005 n'kubwerezedwa mu 2014 ndi 2015, anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, olemera mopitirira muyeso anachoka pa 18 kufika pa 30 mwa 100 alionse, ndipo amayi ndiwo anali ambiri. Odwala kuthamanga kwa magazi anachoka pa 33 kufika pa 39 mwa 100 alionse. Odwala shuga anachoka pa 3 kufika pa 7. Zonsezi zinachitika m'zaka khumi zokha.

Koma dziko lomwelo lili ndi vuto lina. Kafukufuku wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2022 ndi 2023 anasonyeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndiye kuti ndi aafupi poyerekeza ndi zaka zawo chifukwa chosadya mokwanira kwa nthawi yaitali. Chigawo cha Zambezia chili m'gulu la zigawo zimene vutoli ndi lalikulu kuposa pamenepo. Choncho si zachilendo kupeza pakhomo limodzi mayi wolemera mopitirira muyeso ndi mwana wopinimbira, onse akudya kuchokera mumphika umodzi. Nsima yambiri, mafuta ndi shuga zimanenepetsa munthu wamkulu, koma sizikuza mwana. Mwana amafuna nyemba, nsomba, mazira, mtedza, masamba ndi zipatso, ndipo mimba yake ndi yaing'ono, sangadye zambiri nthawi imodzi.

N'chifukwa chake mayi amene akufuna kuchepetsa thupi sayenera kuchepetsa mphika wa banja lonse. Akachotsa mafuta ndi nsinjiro m'ndiwo za aliyense, iye akhoza kupepuka, koma wolipira mtengo wake adzakhala mwana wa zaka ziwiri uja.

Si aliyense wonenepa amene ayenera kuchepetsa thupi, ndipo si nthawi iliyonse. Mayi woyembekezera asayese n'komwe. Mayi woyamwitsa amafuna chakudya chambiri kuposa masiku ena, makamaka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira pamene mwana akudalira bere lokha. Angathe kusiya zakumwa za shuga ndi zokazinga, koma osadzimana nsima ndi ndiwo. Munthu amene akuwonda yekha osachita kufuna, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku, kapena akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, asasangalale kuti wapepuka. Apite kuchipatala, chifukwa chifuwa chachikulu, HIV ndi shuga zimayamba motero.

Kwa ena onse pali njira yodziyezera yosafuna sikelo. Munthu atenge chingwe, achidule molingana ndi msinkhu wake kuchokera kumutu mpaka kuphazi, achipinde pakati, kenako achizunguze m'mimba cha pamchombo. Ngati nsonga ziwirizo zikukumana, mimba ili bwino. Ngati sizikukumana, mafuta a m'mimba achuluka, ndipo mafuta a pamenepa ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi kuposa a m'ntchafu kapena m'matako. Amene ali ndi tepi ya atelala adziwe kuti kwa mayi chiopsezo chimayamba mimba ikapitirira masentimita 80 ndipo chimakula ikapitirira 88. Kwa bambo manambalawo ndi 94 ndi 102.

Pali chinthu china chimene chimalepheretsa amayi ambiri ngakhale atauzidwa ndi dokotala. M'midzi ya kuno, mayi akanenepa amauzidwa kuti banja lamuyanja, bambo akumusamala. Akayamba kuwonda, manong'onong'o amayamba pachitsime, ndipo aliyense akudziwa matenda amene anthu amaganizira. Mantha amenewa ndi enieni. Koma kuchepetsa kumene achipatala akunena si kuwonda mpaka mafupa kuonekera. Mayi wolemera makilogalamu 80 akatsitsa 4 mpaka 8 okha, magazi ndi shuga wake zimayamba kale kusintha, pamene oyandikana naye ambiri saona n'komwe kusiyana.

Thupi likuchokera kuti?

Amayi ambiri amati sadya kwambiri, ndipo sanama. Chimene chimanenepetsa nthawi zambiri sichioneka chachikulu m'maso. Mphamvu ya m'chakudya imayezedwa ndi makalori, ndipo mayi wamkulu wogwira ntchito zapakhomo amafuna makalori pafupifupi 2,000 patsiku. Wolima tsiku lonse amafuna oposa apo. Chilichonse chopitirira zimene thupi lagwiritsa ntchito chimasungidwa ngati mafuta.

Choyamba ndi mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo lita imodzi ili ndi oposa 8,000, chakudya cha mayi cha masiku anayi athunthu. Mafuta akathiridwa mumphika kuchokera m'botolo kapena m'kapulasitiki ka pamsika, dzanja silidziwa malire. Ndipo apa ndi pamene ana osankha zakudya amalowerera: mayi amadziwa kuti kabichi wonyezimira ndi mafuta amatha, wouma amatsala, ndiye amathira owonjezera kuti mtendere ukhalepo. Anawo amadya pang'ono basi. Wodya zambiri za mafutawo ndi akuluakulu.

Chachiwiri ndi shuga. Munthu wothira timasupuni titatu m'kapu ya tiyi, n'kumwa makapu awiri patsiku, amatha yekha pafupifupi makilogalamu 9 a shuga pachaka. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chozizira likhoza kukhala ndi timasupuni 7 kapena 8. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku, omwe ndi timasupuni 12, ndipo limati theka la pamenepo ndiye labwino koposa. Shuga wa m'chakumwa sakhutitsa; munthu amamwa n'kudyabe nsima yake yonse. Thobwa lothira shuga wambiri ndi mowa wamasese zili m'gulu lomwelo, ngakhale zili zakwathu.

Chachitatu ndi makombo, ndipo awa satchulidwa kawirikawiri kuchipatala. Mlimi sataya chakudya. Amadziwa thukuta limene linagwera pa chimanga chija. Mwana akanyanyala n'kusiya theka la mtanda, wina n'kusiya phala, wina mandasi olumidwa, zonsezo zimathera m'kamwa mwa mayi ataimirira, akutsuka mbale. Iye saziwerengera ngati chakudya, koma thupi limaziwerengera. Pakhomo la ana atatu osankha zakudya, makombo okha akhoza kukwana chakudya china chathunthu. Mankhwala ake ndi kugawira mwana pang'ono poyamba, theka la zimene mayi akuganiza kuti adya, n'kumuwonjezera akapempha. Nsima yosagwidwa ndi manja imasungika kukhala mkute wa m'mawa, ndipo zotsala m'mbale nkhuku sizikana.

Nsima imabwera pachinayi, ngakhale ambiri amaiika poyamba. Palibe chifukwa choisiyira. Munthu amene wasiya nsima m'dera lino amapirira masiku atatu, lachinayi amabwezera zonse. Chofunika ndi kuwerenga mitanda. Amene amadya itatu adye iwiri, amene amadya iwiri ikuluikulu aomole ndi chipande chaching'ono, ndipo malo otsalawo m'mbale adzazidwe ndi masamba ndi nyemba. Izi sizitheka ngati banja lonse likudyera m'mbale imodzi, chifukwa palibe amadziwa mbamu zimene wadya. Alangizi a zaumoyo akhala akunena kwa zaka zambiri kuti mwana wamng'ono azikhala ndi mbale yakeyake kuti akuluakulu asamudyere. Malangizo omwewo amathandizanso mayi, mwa njira ina: amaona ndi maso ake pamene ayenera kulekezera.

Za mgaiwa pali kusamvetsetsana. Mgaiwa suli ndi makalori ochepa kuposa ufa woyera. Mitanda itatu ya mgaiwa imanenepetsa ngati itatu ya ufa woyera. Ubwino wake ndi woti madeya ndi mtima wa chimanga sizinachotsedwe, choncho umakhalitsa m'mimba, njala imachedwa kubwerera, ndipo uli ndi michere imene imatayika pokonola ndi poviika mphale. Ana ozolowera nsima yoyera amaukana chifukwa cha mtundu ndi fungo. Kusakaniza kumathandiza: gawo limodzi la mgaiwa pa magawo atatu a ufa woyera kwa masabata angapo, kenako theka ndi theka. Mgaiwa umaonongeka msanga, ndiye ndi bwino kugayitsa wochepa.

Chifukwa chimene mwana amakanira

Mwana wosankha zakudya si wamwano, ndipo sikuti mayi saphika bwino. M'chaka choyamba mwana amakula mofulumira kwambiri, moti pofika miyezi 12 amalemera pafupifupi katatu kuposa tsiku limene anabadwa. Kenako kukulako kumachepa, ndipo kuyambira zaka ziwiri amawonjezera makilogalamu awiri okha kapena kuposa pang'ono pachaka. Njala nayo imachepa. Pa msinkhu womwewo, kuyambira zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, ana ambiri padziko lonse amaopa chakudya chachilendo, ndipo lilime lawo limamva kuwawa kuposa la munthu wamkulu. Chisoso chimene agogo akuchiyamikira, kwa mwana n'chowawadi.

Ofufuza za kadyedwe ka ana anapeza kuti mwana angafunike kuona ndi kulawa chakudya kasanu ndi katatu, kakhumi, mwina mpaka ka 15 asanachivomere. Makolo ambiri amagonja kachitatu. Anapezanso kuti kukakamiza kumabweza zinthu m'mbuyo: mwana woopsezedwa ndi kamtengo kuti amalize bonongwe amadana naye kwambiri, ndipo wolonjezedwa siwiti akamaliza masamba amaphunzira kuti siwiti ndiye chakudya chenicheni, masamba ndi chilango.

Katswiri wina wa za kadyedwe wa ku America, Ellyn Satter, anagawa ntchitoyi pawiri m'zaka za m'ma 1980, ndipo kagawidwe kake kamagwira ntchito ngakhale pakhonde la nyumba yaudzu. Kholo ndilo limasankha chophika, nthawi yodyera ndi malo odyera. Mwana ndiye amasankha ngati adye, ndi kuchuluka kwa zimene adye. Tanthauzo lake ndi loti mwana akakana nkhwani, mayi sadzuka kukamukazingira dzira kapena kukamugulira chitumbuwa. Amangoonetsetsa kuti pamphasa pali chinthu chimodzi chimene mwanayo amadya kale, kaya ndi nsima, nyemba kapena mbatata, ndipo pambali pake pali kadontho ka ndiwo zokanidwazo. Akadya, chabwino. Akasiya, mbale ichotsedwe popanda mkangano, ndipo mawa kadontho kaja kabwerenso.

Koma zonsezi zimagwa ngati mwana wafika pamphasa atakhuta kale. Misika ya m'malire, kuyambira m'tauni ya Milange mpaka kutsidya kwa Muloza, yadzaza ndi timapaketi ta zokhwasula zamchere, mabisiketi, maswiti ndi madzi a shuga oundana m'timapulasitiki. Ndalama yachitsulo imodzi imakwanira. Mwana amene wadya zimenezi nthawi ya 11 koloko sangafune nyemba nthawi ya 12. Mwana wamng'ono amafunadi kudya pakati pa chakudya chachikulu, kawiri patsiku, koma chikhale nthochi, papaya, peyala, mango, mbatata yophika kapena chinangwa, ndipo pakhale maola awiri chakudya chachikulu chisanafike. Ubwino winanso ndi woti mabisiketi akasiya kulowa m'nyumba, mayi naye sakhala ndi choti azitola.

Pali kukana kwina kumene si khalidwe koma matenda. Mwana amene kale ankadya bwino n'kusiya mwadzidzidzi, amene zikhatho ndi m'maso mwayera, amene watupa mapazi, ali ndi zilonda m'kamwa, akutentha thupi kapena akutsekula m'mimba, safuna kuleza mtima kwa masiku 15. Akufuna chipatala, kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi amene ambiri amamudziwa kuti APE. Malungo, njoka za m'mimba ndi kuchepa kwa magazi zimapha njala. Kusikelo ana amalandira vitamini A miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kuyambira ali ndi miyezi 6, ndi mankhwala a njoka kuyambira ali ndi chaka chimodzi. Khadi la sikelo ndilo mboni: mwana wosankha zakudya amene mzere wake ukukwerabe ali bwino, ngakhale mayi akuona ngati sakudya kanthu.

Kagawidwe ka mumphika

Ndiwo ziphikidwe ndi mafuta oyezedwa ndi supuni, imodzi kapena ziwiri pa mphika wa banja lonse, kukoma kuchokere ku matimati, anyezi ndi adyo. Mayi ndi bambo apakuliridwe zawo. Kenako m'mbale ya mwana wamng'ono muwonjezedwe chimene akuluakulu achepetsa: kasupuni ka mafuta, nsinjiro, peyala losinja, dzira, kapena usipa wouma wosinja kukhala ufa. Phala la m'mawa nalo chimodzimodzi. Liphikidwe limodzi, la mayi lipakulidwe lisanathiridwe shuga wambiri, la mwana likhale lolimba losayenderera pasupuni, lothira nsinjiro kapena ufa wa soya. Mwana wosakwana zaka ziwiri amafuna mafuta kuti ubongo ndi thupi zikule, ndipo sayenera kuikidwa pa kadyedwe ka munthu wochepetsa thupi, ngakhale ataoneka wonenepa.

Ndiwo zotendera zili pakati. Ana ambiri amene amakana masamba owiritsa amadya nkhwani, kholowa kapena chigwada chotendera, ndipo iyi ndi njira yabwino yowazoloweza. Koma mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta. Ndi mafuta abwino, komabe ndi mafuta. Mphika wothira nsinjiro usathiridwenso mafuta a m'botolo.

Nsomba ya karapau kapena usipa zimakoma chimodzimodzi zikaotchedwa kapena kuphikidwa ndi matimati, m'malo mozimiza m'mafuta. Nkhuku ikaphedwa, mayi asiye khungu, ndipo ana apatsidwe mnofu ndi chiwindi, osati mapazi ndi khosi zokha monga zimakhalira m'makomo ambiri.

Bwenzi lalikulu la mayi wofuna kupepuka lili kale m'munda mwake. Boma la Milange limalima nandolo, nyemba, khobwe ndi soya zochuluka. Nandolo wambiri amagulidwa ndi amalonda n'kupita ku India, makamaka chichokereni mgwirizano umene maiko awiriwa anasainirana mu 2016, ndipo mtengo ukakwera mabanja ena amagulitsa mpaka thumba lomaliza. Komatu mbale ya nandolo kapena nyemba imakhutitsa kwa maola ambiri, sikweza shuga m'magazi mofulumira ngati nsima kapena buledi, ndipo imamanga thupi la mwana. Mwana wokana nyemba zathunthu kawirikawiri amadya chipere, kapena nyemba zosinja m'msuzi wake. Thumba limodzi losungidwa pakhomo nthawi yokolola limathandiza mayi ndi mwana pamodzi.

Chimodzimodzi mbatata yofiira m'kati, imene anthu a kuno anaidziwa msanga kuposa madera ambiri a mu Africa. Pakati pa 2006 ndi 2009, bungwe la HarvestPlus pamodzi ndi World Vision ndi Helen Keller International linagawa mbewu yake kwa mabanja a m'maboma a Milange, Gurué, Mopeia ndi Nicoadala, ndipo kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti ana ndi amayi a m'mabanjawo anayamba kupeza vitamini A wambiri kuposa kale. Mu 2016 akatswiri anayi amene anatsogolera ntchito ya mbewu zoterezi, kuphatikizapo Maria Andrade amene wagwira ntchito zaka zambiri mu Mozambique, analandira mphoto yapadziko lonse ya World Food Prize. Mbatata imodzi yaing'ono imakwanira vitamini A amene mwana wamng'ono amafuna patsiku, ndipo ana saikana chifukwa ndi yotsekemera. Kwa mayi, magalamu 100 a mbatata yowiritsa ali ndi makalori osakwana 100, pamene buledi wolemera chimodzimodzi ali ndi oposa 250, ndipo mandasi amaposa apo. Tiyi wa m'mawa ndi mbatata yowiritsa m'malo mwa buledi wopaka majarini ndi kusintha kumene banja lonse lingakulandire popanda wolira. Ikakazingidwa m'mafuta phindu limeneli limatha.

Mchere sunenepetsa, koma ndiwo umakweza magazi, ndipo apa palibe kusiyanitsa mbale: banja lonse lichepetse. Malire a WHO kwa munthu wamkulu ndi magalamu osakwana 5 patsiku, kasupuni kamodzi kosadzaza, kuwerengera ndi wobisika. Timapaketi tokometsera ndiwo ta kaldo tili ndi mchere wambiri, choncho mphika wothira kaldo usathiridwenso mchere. Soda wa m'therere nayenso akhoza kukweza magazi, ndipo amaononga mavitamini ena a m'masamba. Nsomba youma yamchere iviikidwe kaye, madziwo atayidwe. Kuchepetsa pang'onopang'ono kwa masabata angapo kumapatsa lilime mpata wozolowera, moti pambuyo pake ndiwo zakale zija zimamveka zowawa mchere.

Bambo, agogo ndi nyengo

Mayi sangathe zimenezi yekha. Ngati bambo afika n'kunena kuti ndiwo zopanda mafuta ndi za kundende, ana amva ndipo atengera. Ana amadya zimene akuona akuluakulu akudya, ndipo bambo wosusa nkhwani mosangalala amaphunzitsa kuposa mawu onse a mayi. Abambo ambiri amene anasiya njinga yakapalasa n'kugula yamoto, kapena amene amakhala pansi tsiku lonse pasikelo yogulira mbewu, chingwe chija sichingawakumanenso. Nawonso nkhaniyi ikuwakhudza. Ndipo m'midzi ya chikamwini, momwe agogo aakazi amakhala pakhomo loyandikana, mwana wokana nsima kwa mayi ake amadziwa kothawira. Agogo sachita izi mwa nkhanza. Ambiri a iwo anaona njala ya nthawi ya nkhondo, ena anakakhala m'misasa ya othawa kwawo ku Mulanje, ndipo mwana wosadya amawaopsa. Afunika kufotokozeredwa mwaulemu, ndi khadi la sikelo m'manja, kuti mdzukulu akukula bwino, ndipo ngati akufuna kumupatsa kanthu chikhale chipatso.

Za kuyenda ndi kugwira ntchito, WHO imati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata. Mayi wolima, wotunga madzi ndi wosenza nkhuni amapitirira pamenepo asanafike Lachitatu, ndipo kumuuza kuti azithamanga n'kumunyoza. Amene akufunika kuyenda ndi ogulitsa pamsika, osoka, ndi onse amene ntchito yawo ndi yokhala pansi. Nyengo nayo imasintha zinthu. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ntchito ya kumunda ndi yambiri, nkhokwe zapepuka, ndipo thupi limatsika lokha. Imeneyo si nthawi yodzimana, ndi nthawi yoyang'anira mbale ya mwana. Thupi limabwerera pambuyo pokolola, pamene makasu apachikidwa, ndalama za mbewu zalowa, mafuta ndi shuga zikugulidwa mochuluka, ndipo maukwati ndi zinamwali zayamba. Miyezi ya Meyi mpaka Okutobala ndi imene mayi ayenera kuwerenga mitanda mosamala.

Njira zachidule zilipo zambiri ndipo sizithandiza. Madzi otentha a mandimu sasungunula mafuta. Tiyi ndi mapiritsi ochepetsa thupi ogulitsidwa m'misika ndi pa Facebook kawirikawiri amangotsekula m'mimba kapena kukodzetsa, munthu amataya madzi osati mafuta, ndipo ena amaononga chiwindi ndi impso. Kudumpha chakudya cham'mawa ndi chamasana kumathera pa kudya mopitirira madzulo, ndipo kwa munthu womwa mankhwala a shuga n'koopsa, angathe kukomoka. Palinso mankhwala a kuchipatala amene amanenepetsa anthu ena. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene Mozambique inayamba kupereka kwa ambiri mu 2019, ndi jakisoni wolera wa miyezi itatu, zili m'gulu limenelo. Wonenepa chifukwa cha zimenezi asasiye mankhwala yekha ngakhale tsiku limodzi. Akafotokoze kuchipatala kumene amalandirira.

Liwiro loyenera ndi theka la kilogalamu pasabata, osapitirira kilogalamu imodzi, ndipo masabata ena sikelo siyenda n'komwe. Phindu lake si laling'ono. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anatsatira anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Mwa amene anathandizidwa kusintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pasabata ndi kutsitsa thupi pang'ono, odwala shuga anachepa ndi 58 pa 100 alionse poyerekeza ndi amene sanasinthe kanthu, ndipo njira imeneyi inaposa mapiritsi.

Kudziyeza tsiku ndi tsiku n'kosafunika. Kamodzi pamwezi n'kokwanira, ndipo tsiku labwino ndi lomwe mwana akupita kusikelo. Mayi apemphe kuti naye akwere pa sikelo ya akuluakulu ndi kuyezedwa magazi, nambala yake ailembe papepala n'kulisunga m'khadi la mwana. Manambala awiriwo aziwerengedwa pamodzi. Ngati ya mayi ikutsika pang'onopang'ono ndipo mzere wa mwana ukukwera, kagawidwe kali bwino. Ngati mzere wa mwana waima kapena watsika mwezi umene mayi wapepuka, ndiye kuti chachepetsedwa ndi mphika osati mbale ya mayi, ndipo mafuta, nsinjiro ndi dzira zibwezeredwe m'mbale ya mwana tsiku lomwelo, namwino atauzidwa asanachoke pachipatalapo.